A Zuze ndi Chithunzi Choyera cha Lusiya

A Zuze tinawaika m'manda mwezi wathawu, kuseri kwa boma la Luangwa, lomwe ife akale timalitchabe Feira. Kunabwera anthu ambiri kuposa momwe ndinkaganizira. Achinyamata anakweza mafoni awo m'mwamba n'kumajambula bokosi, maluwa, ngakhale ife okalamba tikupukuta mamina. Amene analankhula m'malo mwa banja anali mdzukulu wa mlongo wawo, wochokera ku Lusaka, ndipo anati malemuwo anali munthu wofatsa, wosayambana ndi aliyense. Ndinatsala pang'ono kuseka pamaliro. A Zuze wofatsa? Munthu amene anayambana ndi theka la boma chifukwa cha dontho la mafuta?

Kenako mdzukuluyo anawonjezera, mwanthabwala pang'ono ngati nkhani yodziwika pabanja, kuti agogo awowo anajambula Feira yense koma chithunzi cha mwana wawo yekhayo anachiphonya. Anthu anagwedeza mitu. Ine mtima unandiwawa, ndipo ndinabwerera kunyumba osadikira chakudya. Nkhani imeneyo ndi bodza, ndipo amene analipeka ndi a Zuze eni ake. Odziwa zoona tinali awiri. Tsopano ndatsala ndekha.

Ndinafika ku Feira ndili mtsikana, boma litandichotsa kwathu ku Katete kuti ndikaphunzitse zosoka pasukulu. Nyumba imene anandipatsa inayang'anizana ndi ya a Zuze ndi akazi awo, amene aliyense ankawaitana kuti amake Lusiya. Ine ankanditcha aTicha, ngakhale nditapuma ntchito, ngakhale nditachita imvi.

A Zuze anali Mchikunda wa m'mudzi wina pafupi ndi Kavalamanja. Anali wamfupi, wamapewa a munthu wopalasa bwato, ndipo zala zawo zinali zonenepa moti ukaziona ukanati n'zokokera ukonde basi. Ali mnyamata anatsika ndi Zambezi mpaka ku Tete, komwe anagwira ntchito kwa mmwenye wina wojambula zithunzi. Anabwerako ndi kamera imodzi, kachitini ka zomasulira ting'onoting'ono, ndi mwano wokwanira mudzi wonse. Anamanga kashedi pafupi ndi doko, ndipo zithunzi za maukwati, za ubatizo, za pa ziphaso, pafupifupi zonse za nthawi imeneyo zinatuluka m'manja mwawo.

Koma kujambula ankakuona ngati ntchito ya aliyense amene ali ndi chala. Chimene ankanyadira chinali kukonza diso la kamera. Anandifotokozera kamodzi, nditawapezerera ali ndi mtima wabwino. M'kati mwa diso lija, kuseri kwa magalasi, muli timasamba tachitsulo topyapyala kuposa khoko la anyezi, tosanjikizana mozungulira. Pa kamera ngati yawo, ukamasuzumira timasambato timakhala titatsekula bowo lonse. Ukangodina, timathamangira pakati, bowo n'kuchepa, kuwala n'kulowa kwa muyeso wake, kenako timabwerera. Tikamata, timachedwa. Dzuwa limalowa lonse, ndipo chithunzi chimatuluka choyera mbuu. Choipa chake n'chakuti wojambula sadziwa kanthu, chifukwa m'maso mwake zonse zimaoneka bwino mpaka tsiku lotsuka filimu.

Aliyense amene anakhalapo m'chigwa chino akudziwa kutentha kwa kuno mvula isanagwe, pamene ngakhale mbuzi zimasiya kudya n'kumangopuma ndi pakamwa. Kutentha kumeneko kumasungunula girizi wa pa chozungulira cha diso la kamera, ndipo girizi uja amakwawa pang'onopang'ono mpaka kufika pa timasamba. Ndiye nyengo imeneyo ikafika makamera ankabwera kwa a Zuze: a makalaliki, a anamwino ochokera ku Katondwe atakulungidwa m'chitenje kumbuyo kwa njinga, a anyamata obwera kumigodi.

Tsiku lotsegula diso la kamera, a Zuze sankadya nsomba m'mawa. Taganizani, mwana wa m'mbali mwa Zambezi kukana pende wokazinga! Sankadzolanso kanthu. Ankasamba m'manja ndi sopo ndi phulusa mpaka manjawo atatuwa ngati a munthu wodwala. Ankayala nsalu yoyera, n'kuikapo mbale yachitsulo yoyera, n'kutseka chitseko kuopa mphepo ya kumtsinje. Kenako ankatulutsa timasamba kamodzikamodzi ndi kachopanira, n'kutisanja m'mbale motsatana monga tinalili. Kalikonse ankakaviika m'benzini, n'kukagoneka pa pepala lokulungira fodya kuti kaume kokha. Kupemerera ndi pakamwa ankaletsa, amati mpweya wa munthu uli ndi madzi. Chovuta chinali kutibwezera, chifukwa kotsiriza kamayenera kulowa pansi pa koyamba popanda kusuntha tinzake. Pamenepo ankasiya kupuma, lilime lili panja pang'ono. Kakalowa, ankakankha kachitsulo ka kumbuyo, timasamba n'kutseka ndi kutsegula mwamsanga ngati kuphethira. Ndi nthawi yokhayo imene ndinkawaona akumwetulira popanda womuseka. Kuona maso a nkhono n'kudekha, akuluakulu anatero, ndipo a Zuze ankadekha ndi zitsulo zokha. Ndi anthu ayi.

Chiphunzitso chawo chinali chimodzi, ndipo ankachilalikira kukashedi kuja tsiku ndi tsiku. Ankati chilichonse pansi pano chimafuna mafuta: njinga, chitseko, khungu la mwana, ngakhale ukwati. Koma timasamba timeneti tokha timafuna kuuma. Ankati vuto lathu anthu a kuno ndi chifundo: chinthu chikangolira kapena kulimba, timathamangira kabotolo ka oilo, osayamba tafunsa ngati chikumufuna.

Mdani wawo wamkulu anali a Sakala, okonza njinga, amene anali ndi shedi pafupi pomwepo. A Sakala ankakhulupirira kuti palibe chitsulo chokana oilo, ndipo aliyense wodandaula za kamera ankamudonthezera mwaulere. Mawa lake munthuyo ankapezeka kwa a Zuze. Tsiku lina mnyamata wa kumigodi anabweretsa diso la kamera likuchucha, ndipo a Zuze anatuluka nalo panja, n'kulikweza kuti msika wonse uone.

"Imwe a Sakala! Iyi ni kamera olo ni kapenta? Mufuna tikazinge?"

"Ah, a Zuze, chitsulo ni chitsulo chabe," anatero a Sakala osadzutsa mutu.

"Nkhabe, ayi ndithu! Mukadwala maso mubwere kuno, nikuthireni oilo ya njinga, tione ngati muzaona bwino."

Anthu awiriwa anatha zaka osapatsana moni, koma a Sakala atamwalira, a Zuze ndiwo anakhala usana wonse padzuwa ndi okumba manda. Inenso anandiyambapo. Ndinawabweretsera atsikana anga atavala madiresi osoka okha, iwo n'kukana kutijambula chifukwa anawo ankaseka. Ankati munthu woseka pachithunzi amaoneka ngati alibe kwawo. Pa zimenezi analakwa, ndipo ndinawauza. Sanandilankhule mwezi wathunthu.

Zonsezi zinkachitikira kudoko. Kunyumba a Zuze sankatchula za ntchito. Mmwenye uja anawaphunzitsa kuti luso silikambidwa pamphasa, ndipo iwo anazigwira ngati lamulo la tchalitchi. Amake Lusiya anali ndi makina awo osokera pakhonde, ankasoka mayunifolomu ndi madiresi a ukwati, ndipo za kamera ankangodziwa kuti ndi chinthu cha amuna awo chimene chimabweretsa ufa.

Nkhondo ya azungu a kutsidya kwa Zambezi itatha, anthu anaona kuti a Zuze asintha. Kashedi kaja sanakatsegulenso, ankagwirira ntchito kunyumba. Wina akabwera ndi kamera yothiridwa oilo, sankakuwanso. Ankayang'ana kaye kukhonde komwe akazi awo ankasokera, n'kumugwira dzanja mlendoyo, kupita naye kutali pansi pa mtengo wa masawu, n'kukamukalipira monong'ona. Munthu ankabwerako atatukwanidwa mokwanira, koma popanda wina womva. Anthu ankati ukalamba wawafewetsa. Panalinso china chodabwitsa. Anali ndi kamera yakufa, yopanda galasi lakutsogolo, imene ankaisunga pashelefu. Nthawi ndi nthawi ankaitenga n'kupita nayo kwa akazi awo.

"Amake Lusiya, mukatsiriza kuthira oilo ku mashini yanu, muniikireko na umu. Yayamba kulimba."

Mayiwo ankadonthezamo mosamala, n'kuipukuta ndi kansalu, n'kuibweza osayang'ana amuna awo kumaso. A Zuze ankathokoza. Ine ndikaona zimenezi ndinkalowa m'nyumba, chifukwa sindinkatha kupirira.

Kuti zimveke, ndiyenera kunena za Lusiya.

Ana a a Zuze ankamwalira ali akhanda, mmodzi pambuyo pa mnzake. Lusiya yekha ndiye anakula. Pa nthawi ya nkhondo anali namwali wamsinkhu wokwatiwa, wamtali kuposa bambo ake, woseka mokweza moti ukamamva kuseka kuchitsime unkadziwa kuti ndi iye. Ine ankanditcha asisi, ndipo ankabwera kudzabwereka singano zimene sankabweza.

Zaka zimenezo mtsinje unasanduka malire enieni. Kutsidya kunali asilikali a azungu, kuno kunali omenyera ufulu wa dziko lawo amene anamanga misasa m'tchire pafupi ndi midzi yathu. Ndege zinkadutsa pamwamba pa madenga. Asodzi anasiya kupita pakati pa madzi. Pamsewu wopita kumlatho wa Luangwa anthu ankaopa mabomba okwirira, ndipo magalimoto ankabwera mwa apo ndi apo. Kusukulu tinakumba maenje obisalamo. Munthu wonyamula kamera ankamuyesa kazitape, ndipo asilikali athu anauza a Zuze mwaulemu kuti atseke kashedi. Anabweretsa zonse kunyumba. Kamera yawo yeniyeni, ija ya ku Tete, anaibisa pamalo pamene msilikali sangafufuze: pansi pa chivundikiro chathabwa cha makina osokera a akazi awo.

M'dzinja limenelo amayi awo a amake Lusiya anadwala miyendo kumudzi, mapira ali m'munda, anyani ndi mvuu zikudya monga zifunira. A Zuze sankafuna kuti aliyense apite. Amake Lusiya anaumirira kuti Lusiya akathandize agogo ake mpaka kukolola. Anamusokera diresi latsopano la maluwa achikasu, ndipo m'mawa wonyamuka anapempha amuna awo kuti amujambule atalivala. Zithunzi zonse za ubwana wake zinali m'bokosi kumudzi komweko, ndipo mayiyo ankafuna china choti aziyang'ana kuno. A Zuze ananyinyirika, koma anatulutsa kamera. Anachitira kuseri kwa nyumba, mofulumira, ine nditaima pakona kuyang'ana ngati kukubwera munthu. Dzuwa linali lowala kwambiri, likunyezimira kuchokera kumtsinje. Lusiya anaseka. Bambo ake anamukalipira, iye n'kusekanso, ndipo ndinamva kamera ikulira kangapo iye akusekabe. Mankhwala otsukira anali atatha, choncho filimu inatsala m'kamera momwemo.

Tsiku limene ndege zinapita kumtunda kwa mtsinje tinazimva tili m'kalasi. Kunagunda ngati mabingu, kumwamba kulibe mtambo. Tinalowetsa ana m'maenje, ndipo titatuluka tinaona utsi kumadzulo. Masiku otsatira anthu anayamba kufika wapansi kudzera m'tchire, mapazi atatupa, ena atabereka ana osakhala awo. Amake Lusiya anaima pamsewu kufunsa aliyense. Lusiya ndi agogo ake sanafike. Nyumba inapsa pamodzi ndi bokosi la zithunzi lija. Amene anabwerera kumudzi pambuyo pake anaika maliro mofulumira, ndipo sanalole mayiyo kuona kanthu.

Kuyambira pamenepo, nkhope ya Lusiya inatsala pamalo amodzi okha padziko lonse: m'filimu ija. Amake Lusiya ankakhala pafupi ndi makina awo osasoka, dzanja lili pa chivundikiro. Ankadya pang'ono pokha, ndipo ndikukhulupirira kuti ankadyera chithunzicho.

Patapita miyezi, dalaivala wina wa lole anabweretsa mankhwala ndi mapepala kuchokera ku Lusaka. M'nyumba mwa a Zuze munali kachipinda kopanda zenera, kamene anakatchinga ndi mabulangeti kuti musalowe kuwala. Analowa m'menemo m'mawa. Amake Lusiya anasamba, anavala chitenje chochapa ndi duku latsopano ngati akulandira mlendo, n'kundiitana kuti ndikhale nawo pakhonde. Tinadikira nthawi yaitali kuposa imene ntchitoyo imafuna. Ndinamva madzi akukhuthulidwa, kenako zii, kenako madzi akukhuthulidwanso.

Atatuluka anali ndi pepala lonyowa m'manja. Analipereka ndi manja awiri. Linali loyera. Pamwamba panali kamthunzi kotuwa pamene panayenera kukhala tsitsi, m'munsi timadontho tosaoneka bwino ta diresi. Pakati, pamene panayenera kukhala maso ndi pakamwa, panalibe kanthu.

Amake Lusiya analitembenuza kuyang'ana kuseri, n'kulitembenuzanso. Analipendeketsa kudzuwa. Sanalire. Kenako anayang'ana amuna awo.

"Atate ake Lusiya, niuzeni zoona," anatero. "Tsiku lina nenze kuthira oilo ku mashini yanga, n'naona kamera yanu ilimba pozungulira paja. N'nadonthezamo pang'ono, kuti nikuthandizeni. Si ine naononga?"

Ine ndinali nditamva ulaliki wa kudoko kambirimbiri. Ndinayang'ana pansi. Ndinkadziwa pakamwa pa a Zuze, ndipo ndinadikira kuti denga ligwe.

A Zuze anaseka. Kuseka kwake kunali kouma, koma anaseka.

"Oilo? Oilo iononga chitsulo kuchokera liti, amake Lusiya? Munachita bwino, ndiye chifukwa yenze kuzungulira mosavuta. Nine n'naiwala kuchepetsa diso. Nenze na mantha na masoja, n'nathamanga. Nine."

"Imwe? Imwe kuiwala?"

"Ine wamene."

Pamenepo ndi pamene mayi aja analira, ndipo kulira kwake sindidzakuiwala. Anawamenya pachifuwa ndi nkhonya zonse ziwiri. A Zuze anaima chilili, manja ali kumbuyo.

Masana a tsiku lomwelo ndinawapeza kuseri kwa nyumba yanga, osati yawo, atakhala pa mwala, mbale yoyera ili pamiyendo. Anali atatsegula diso la kamera. Timasamba tonse tinali titamatana pamodzi, tikunyezimira. Amati tsoka silinunkha, koma ili linkanunkha, ndipo fungo lake ndinalidziwa ndisanafike pafupi chifukwa ndi limene linkakhala pa zala zanga tsiku lililonse. Anadzutsa mutu.

"aTicha, mwaona. Manje muiwale."

Kenako anayamba kulekanitsa timasamba tija, kutiviika m'benzini, kutigoneka pa pepala, kamodzikamodzi, monga mwa masiku onse. Misozi inkatsika, ndipo ankatembenuzira nkhope kumbali kuti isagwere m'mbale.

Chimene chinatsatira chinandikwiyitsa zaka zambiri. Chisoni cha amake Lusiya chinali kufunafuna pokhala, ndipo chinakhala pa amuna awo. Pepala loyera lija analiika m'felemu n'kulipachika pabalaza. Mlendo aliyense akafunsa, ankamuuza a Zuze ali pomwepo: uyu ndi mwana wanga, amene anamujambula ndi katswiri uja mumamutama. Akayambana za mchere, za mbuzi, za denga lodontha, mapeto ake anali amodzi: munajambula mahule a kudoko bwinobwino, koma mwana wanu munalephera. Nkhani inafalikira boma lonse. Ena anasiya kuwaitana kumaukwati, amati dzanja lawo layamba kuphonya. Munthu amene sankalola kugonja pa mkangano wa dontho limodzi ankangoti, "Ni zoona, amake Lusiya," n'kutuluka panja.

Mobisa ankayesabe. Pepala latsopano likabwera, loyamba linali la Lusiya. Ankalowa m'kachipinda kaja, kuwonjezera nthawi, kusintha mankhwala, kutchinga mbali ndi dzanja. Ankatulukamo ndi kamthunzi komweko, nthawi zina kakuda pang'ono. Mapepala amenewo ankawawotcha akazi awo asanaone.

Tsiku lina nditamva akutukwanidwa pamaso pa alendo, ndinawatsatira kumtengo wa masawu. Ndinali wamkamwa masiku amenewo, ndipo sindinasiye.

"Atate, ichi n'chiyani? Mufuna mufe na mlandu wosakhala wanu? Muwauze chabe. Papita zaka."

"aTicha, nani anatuma mwana kumudzi?"

Ndinayang'ana kukhonde, iwo n'kupitiriza.

"Uyo katundu anyamula kale, ni wolema. Manje imwe mufuna niwaikire na wina pamwamba? Kuti anamutuma, ndiponso anamufafaniza? Mtsinje uli pafupi apa. Muzapita kukawavuula ndimwe?"

"Koma akutukwanani tsiku na tsiku."

"Ehe. Auka m'mawa kuti anitukwane. Ndiye kuti auka."

Ndinawauza kuti ndi ouma mutu ngati chitsa, ndipo anavomera. Ndinachoka ndili wokwiyabe. Ndinkakwiyira iwo, ndinkakwiyira amake Lusiya, ndinkakwiyira ndege zija, ndipo mpaka lero sindinganene kuti mkwiyowo unatha wonse. Koma pakamwa ndinatseka.

Amake Lusiya anakhala ndi moyo mpaka kukalamba, akusoka, akuyimba m'kwaya, akukalipa. Anamwalira ali pamphasa yawo, a Zuze akuwapatsa madzi ndi supuni. Kutatsala pang'ono, anandikoka dzanja n'kundinong'oneza kuti ndiziwayang'anira amuna awo, chifukwa ngakhale anawalakwira chinthu chachikulu, sanali munthu woipa. Anapita akukhulupirira kuti akhululukira munthu wolakwa. A Zuze anamva mawuwo ali pambali pomwepo, ndipo nkhope yawo inali ya munthu amene wamaliza ntchito.

Zitatero makamera anatha. Anthu anayamba kujambula ndi mafoni, ndipo panalibenso wobwera ndi kanthu kokulungidwa m'chitenje. Maso awo anachita khungu pang'onopang'ono, zala zinayamba kunjenjemera. Komabe m'mawa wina ankakana nsomba, n'kusamba m'manja ndi phulusa, n'kukhala ndi mbale yopanda kanthu pamiyendo. Maganizo nawonso anayamba kupita ndi kubwera. Tsiku lina ankandidziwa, tsiku lina ankandifunsa ngati ndabwera kudzatenga zithunzi za sukulu.

Ulendo womaliza umene tinacheza, ndinawapeza pabalaza atayang'ana kukhoma, akulira ngati mwana.

"aTicha, n'naononga. Mwana wanga anaimirira bwino, anaseka, ine n'naiwala kuchepetsa diso. Chinthu chaching'ono so. Nizamuuza chiyani nikamupeza?"

Mtima wanga unasweka. Amake Lusiya anali atagona m'manda zaka zingapo, ndipo panalibenso woti timuteteze. Ndinagwada pafupi nawo, n'kuwagwira manja otuwa aja.

"Atate, simunaiwale. Munachita zonse bwino. Yenze oilo. Amake Lusiya anathiramo oilo ya mashini, timasamba tinamata. Ine n'naona na maso yanga, muli kuseri kwa nyumba yanga na mbale."

Analeka kulira. Anachotsa manja awo m'manja mwanga.

"Nkhabe," anatero, ndi liwu lakale lija la kudoko. "Oilo iti? Mkazi wanga sanagwirepo kamera yanga. Musamunamizire munthu amene sangayankhe."

Ndinawayang'anitsitsa kumaso. Sindikudziwa ngati bodza lija, atalinena zaka zonsezo, linali litawalowa mpaka kulikhulupirira, kapena ngati ankadziwa bwinobwino ndipo ankangolondera akazi awo ngakhale ali m'manda. Ndayesa kuganiza zonse ziwiri, ndipo zonse zimandiliza. Ndinapepesa, ndinawapangira tiyi, ndipo sitinaitchulenso nkhaniyo.

Sabata yatha ndinawoloka msewu kupita kunyumba kuja. Abale anali atagawana kale katundu. Makina osokera anapita ku Lusaka, kachitini ka zomasulira ana akuseweretsa pabwalo. Ndinapeza mkazi wa mdzukulu wina akusesa, mtsikana waulemu ndithu, amene anandigwadira pondipatsa moni. Ndinamufunsa za felemu ya pabalaza. Anati ilipo, galasi lake linali labwino, aikamo chithunzi cha agogo chimene chinali pabokosi. Ndinafunsa za pepala limene linali m'katimo.

"Lenze lilibe kanthu, amama," anatero. "Tinataya."

Sindinamukalipire. Akanadziwa bwanji?

Ndinapempha kulowa. Pakhoma patsala msomali. Kachipinda kotsukira zithunzi kalibenso chitseko, mabulangeti anachotsa, ndipo malata awiri a pamwamba pake anawazula kuti akafolere khola la mbuzi. Pansi pali mabanga a mankhwala, pakona nkhuku yaikira mazira. Dzuwa la masana linali litadzaza monsemo, m'malo amene kwa zaka zonse zija simunalowe kuwala ngakhale kwa pa bowo la singano. Ndinaima pakati pake, ndinatseka maso, n'kuyesa kukumbuka nkhope ya Lusiya m'mawa uja kuseri kwa nyumba. Ndinayesa nthawi yaitali, mpaka mtsikana uja anabwera kudzafunsa ngati ndili bwino. Ndinakumbuka diresi lokha.